Sukulu yathu tsopano amasungiramo nandolo

Funso la pa windo

Chaka chatha ndinaganiza zobwerera kusukulu. Ndakhalitsa pa desiki imodzimodzi ya maakaunti, ndipo ana amene ndinawaphunzitsa ndekha ntchito akundidutsa chifukwa ali ndi mapepala. Ndiye ndinati basi, ndikalembetse maphunziro a madzulo. Mafomu ndinadzaza, satifiketi ya MSCE ndinaipukuta fumbi n'kukaijambulitsa. Nditafika pa windo, mayi wolandira mapepala anatsetsereka ndi chala pa mndandanda wake, n'kuima.

"Achimwene, pakusowa kalata ya umboni yochokera ku sekondale kumene munamalizira. Ikhale ndi chidindo cha sukulu."

Ndinawauza kuti sukuluyo kulibe, inatha.

Anadzutsa mutu. Sanali mayi wamwano ayi, kunali kudabwa chabe. "Sukulu imatha bwanji?"

Ndinaseka, iwo anaseka, amene anali kumbuyo kwanga pamzere anasekanso. Koma ndili m'minibasi kubwerera ku Area 25 ndinapeza kuti yankho ndilibe. Golosale imatha, chigayo chimatha, banja limene limatha. Koma sukulu, ife kuno timaitenga ngati manda: pamene anaika ndi pomwepo, ukapita zaka makumi awiri ukabwerako ukaipeza, mwina malata atachita dzimbiri, koma ilipo. Yathu inachoka, ndipo ine amene ndinakhalamo kuyambira Folomu 1 mpaka Folomu 4 sindinkatha kulongosola kuti inachoka motani.

Ana a njanji

Ndinakulira ku Luchenza, ngakhale kwathu kwenikweni si kumeneko. Bambo anga anali kalaliki wa katundu pa sitesheni, ndipo ana a njanji mudzi wathu unali kumene bambo awatumiza. Amene munakwerako sitima ya kumwera mukuudziwa mndandanda uja: kuchoka ku Limbe, Luchenza, Khonjeni, Sandama, Thekerani, Sankhulani, Makhanga, kuoloka Shire pa Chiromo, Bangula, mpaka ku Nsanje. Ife tinauloweza tisanaloweze thebulo la 7. Njanji imeneyi inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo Luchenza anakula nayo, chifukwa tiyi wa ku Mulanje ankadzakwezedwa pamenepo.

Mayeso a Sitandade 8 ndinakhoza, koma sindinasankhidwe. Masiku amenewo zimenezi sizinali zachilendo, osankhidwa m'kalasi lonse unkawawerenga ndi zala za dzanja limodzi. Enafe njira zinali zitatu: kubwereza, kupita ku MCDE (maphunziro a sekondale a boma a amene sanasankhidwe), kapena kulowa imodzi mwa sukulu za pulayiveti zimene zinaphuka paliponse matipate atalowa mu 1994. Bambo anakana zoti ndibwerezenso. Anati mwana wa kalaliki sangamere ndevu ku pulayimale.

Sukulu yathu anaiyambitsa mphunzitsi wamkulu wina wopuma pa ntchito, ndi ndalama zake zopumira. Nyumba yake inali sitolo yakale ya Mmwenye, imodzi mwa zija zinasiyidwa pamene boma la Kamuzu linachotsa Amwenye m'matawuni ang'onoang'ono m'zaka za m'ma 1970. Khonde lalitali la nsanamira zonenepa, mkati atagawa zipinda zinayi, kaofesi ka a hedi kali kumene kale ankasungira mchere ndi palafini. Belu lathu linali chidutswa cha njanji chopachika pa mtengo wa mango. Labu kunalibe. Physical Science tinkaphunzira pa bolodi, aphunzitsi akujambula botolo ndi choko n'kutiuza kuti tiyerekeze kuti madzi asanduka ofiira. Ndipo tinkayerekezadi.

Sitima ikalira, phunziro linkaima lokha. Aphunzitsi ankangogwira choko m'manja kudikira kuti phokoso lithe, ndipo atsikana ena ankazemba pa zenera la kumbuyo kukathandiza amayi awo kugulitsa mandasi ndi nzimbe pa sitesheni. Ankabwera manja akununkha mafuta, aphunzitsi n'kukhala ngati sanaone. Ankadziwa kumene fizi imachokera.

Mayeso a MANEB tinkakalembera pa sukulu ina ya boma, choncho pa satifiketi yanga dzina la sukulu yathu palibe. Kuntchito anzanga akayamba kunyadira sukulu zawo zotchuka, zija za "ife a Box 2", "ife a Box 48", ine ndimangoti ndinaphunzira ku Thyolo, n'kufunsa za mpira.

Sikelo pa khonde

Ndinapempha masiku kuntchito n'kutsika kumwera. Ku Limbe, minibasi za Mulanje zodzera Midima zinkadzaza n'kunyamuka ndikuona, ife odzera Bvumbwe ndi Thyolo tikuwotchedwa ndi dzuwa kudikira anthu atatu omaliza. Amene amakwera njira imeneyo akudziwa zimene ndikunena.

Nyumba ndinaipeza, siinasunthe. Pa khonde anapachika sikelo, mnyamata wina wa jezi ya Bullets atakhala pa thumba akuseweretsa foni.

"Madala, mwabweretsa kapena mukufunsa mtengo?"

Ndinamupempha kuti ndingosuzumira mkati. Khoma la pakati pa Folomu 1 ndi Folomu 2 analigumula, chipinda chonse matumba a nandolo mpaka kudenga, fungo la mankhwala a anankafumbwe lili kobo. Koma bolodi lilipo. Linali la simenti lopaka utoto wakuda, ndiye kulichotsa n'kugumula khoma. Pamenepo analembapo ndi choko mitengo ya tsikulo, nandolo, chimanga, soya, ndipo m'munsi mwake maina a anthu amene anatenga ndalama za katapila. Chipinda cha Folomu 4 ndi tchalitchi tsopano, chitseko anachipaka buluu, ndipo ndinamva kwaya ya amayi ikuyeserera nyimbo. Mtengo wa mango anadula. Chidutswa cha njanji chija n'chosachita kufunsa, ogula zitsulo zakale anadutsa kalekale.

Mnyamata uja sankadziwa kuti pamenepo panali sukulu. Anaganiza kuti bolodi analiika abwana ake. Amene anandithandiza ndi gogo wina wogulitsa zitumbuwa patsidya pa msewu, amene anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Ngati mukufuna za sukulu, pitani kwa aphunzitsi a jogirafe. Ali moyo. Kuseri kwa njanji uko, nyumba ya mpanda wa nkhadze."

Thiranki ya pansi pa bedi

Ndinawapeza atakhala pa mpando wa ndalema, wailesi ili pamwendo. Akalamba, diso limodzi lachita ng'ala. Ndinagwada pang'ono kuwapatsa moni, iwo n'kugwira dzanja langa osalisiya, akundiyang'ana ndi diso labwinolo.

"Iwe si mwana wa a kalaliki a pa sitesheni? Amene unkajambula mapu a Malawi okhala ngati chinangwa?"

Ndinavomera. Mayi a kunyumba anabweretsa thobwa m'kapu ya pulasitiki, ndipo tinayamba ndi maliro monga mwa mwambo: bambo anga, a hedi, aphunzitsi a masamu, mlonda. Nditafotokoza chimene ndadzera, sanadabwe n'komwe. Anaitana mdzukulu wawo kuti akakoke thiranki pansi pa bedi.

Inali thiranki yachitsulo, ya mtundu umene ana ankapita nawo ku sukulu zogonera. Atatsegula, munali mabuku akuluakulu a chikuto cholimba chakuda, msana wake wofiira, atawakulunga m'matumba a feteleza. Makaundula a sukulu yathu, kuyambira tsiku loyamba.

Anandiuza mmene anafikira m'nyumba mwawo. A hedi atamwalira, ana awo analimbana za nyumbayo, ndipo palibe mwa iwo amene ankafuna za sukulu. Ophunzira anali atachepa kale. Ndiye anagwirizana ndi mwini sukulu ina ya pulayiveti kuti atenge ana otsalawo pamodzi ndi madesiki, dzina likhale la uko. Anati n'kuphatikiza sukulu, koma kunali kumezedwa. Ngolo inabwera kudzatenga madesiki, mabuku a ofesi n'kuwasiya pansi. Aphunzitsi anadutsa pamenepo patapita masiku, anapeza ana ayamba kung'amba masamba kukagulitsa kwa amayi a mandasi. Anawamanga pa keliyala ya njinga n'kubwera nawo.

"Anandisiya ndi ngongole ya malipiro a miyezi ingapo," anatero akuseka. "Ndiye ndinati malipiro anga ndi amenewa."

Sukulu imene inameza yathu nayonso inadzatsekedwa. Za mabuku a kumeneko, iwo anangopukusa mutu.

Ndinatsegula la chaka chathu. Dzanja la a hedi, lopendekera, la inki ya buluu. Tsamba lililonse analigawa ndi rula: nambala, dzina, tsiku lobadwa, mudzi, mfumu, dzina la kholo, ntchito ya kholo, ndipo kumapeto kwenikweni, tsiku lochoka ndi chifukwa chake. Ndinathamangira kufuna dzina langa, ndinalipeza, ndinamwetulira. Aphunzitsi anandilanda bukulo.

"Aliyense akabwera amafuna dzina lake. Usawerenge maina. Werenga apa."

Anaika chala pa mzere wa ntchito ya kholo, n'kuyamba kutsika nacho. Railways. Railways. ADMARC. Post Office. Esiteti. Railways. Polisi. Telala. Esiteti. Dalaivala. ADMARC. Mwa apo ndi apo mlimi. Anatseka, anatenga buku la zaka zapatsogolo pake, n'kuchitanso chimodzimodzi. Mlimi. Mlimi. Geni. Railways mmodzi. Mlimi. Kenako mawu amene m'buku lathu munalibe: malemu. Malemu. Pa dzina la kholo alembapo agogo, alembapo amalume. Zinali zaka zija maliro ankachitika tsiku ndi tsiku, ma ARV aulere asanayambe mu 2004.

"Tsopano pita kumapeto."

Mzere womaliza, wa chifukwa chochokera. M'buku lathu ambiri analembedwa kuti anamaliza, ena anasamuka ndi makolo, awiri atatu mimba. M'mabuku otsatirawo liwu linali limodzi, fizi, fizi, fizi, mpaka a hedi anatopa kulilemba n'kumangoika timizere tiwiri kusonyeza kuti n'chimodzimodzi pamwambapa. Tsamba lathunthu timizere tokhatokha.

Ndinabwerera ku buku lathu, chifukwa panali dzina limene ndinalidumpha dala. Mtsikana amene ankatiposa tonse masamu, amene aphunzitsi akakanika samu pa bolodi ankamupatsa choko. Ife tinkangodziwa kuti anasowa tili Folomu 3, ndipo mphekesera za anyamata mukuzidziwa. Pa mzere wake panalembedwa kuti bambo ake anali dalaivala, ndipo kumapeto, teremu yachiwiri, fizi. Aphunzitsi anati kampani imene bambo akewo ankayendetsa lole yake, yotuta katundu kupita naye ku sitesheni, inatseka chaka chimenecho. Mtsikanayo anakwatiwa cha ku Khonjeni. Akuti mabuku a banki m'khonde ya kumeneko amasunga ndi iye, ndipo sipasowa ngakhale tambala.

Ndinakhala chete kwa kanthawi. Thobwa linali litazizira.

Jogirafe yomaliza

Aphunzitsi sanasiye uphunzitsi. Anatola kamtengo n'kujambula pansi mzere wautali.

"Beira uku. Nkhondo ya ku Mozambique itakula m'zaka za m'ma 1980, njira iyi inatsekeka. Mu 1986 anaphulitsa mlatho wa Dona Ana pa Zambezi. Pamenepo iwe unali mwana, koma bambo ako anaziona, katundu wa kunja anasiya kudutsa pano." Anadula mzerewo ndi kamtengo. "Mu 1997, madzi anakokolola njanji pa Chiromo. Sitima yathu inayamba kuthera pa Makhanga." Anadulanso. Chaka chimenecho ndimachikumbuka, tinali Folomu 2, ndipo anzathu a ku Bangula ndi ku Nsanje amene ankachita lendi tizipinda kuseri kwa msika anavutika kupita kwawo pa holide. Ena sanabwerenso teremu yotsatira.

"Kumapeto kwa 1999 njanji inapita m'manja mwa kampani ya CEAR, ndipo maso onse anatembenukira ku Nacala. Chaka chomwecho ma DEC, sukulu zija za MCDE, anali atasanduka ma CDSS, sekondale zoyendera za boma. Kholo limene latsala ndi khasu lokha, lisankha chiyani, fizi yathu kapena ya boma? Kenako njala ya 2002. Munthu amene akudya nthochi zosakhwima ndi gaga sulankhula naye za fizi." Anajambula mzere wina wokhota, wolambalala kadontho kamene kanali Luchenza. "Ndiye 2006, msewu wa Midima, uja anadzatsegula a Mugabe. Wochoka ku Limbe kupita ku Mulanje adzerenji kuno?"

Anataya kamtengo. "Ukawauze a ku ofesi kwanuko kuti sukulu imatha chonchi. Ife tinkaona ngati tikuphunzitsa ana a anthu, osadziwa kuti tikuphunzitsa ana a sitima."

Za kalata ija sizinatenge nthawi. Chidindo cha sukulu anali nacho m'thiranki momwemo, labala yake itang'aluka, koma anakana kuchigwiritsa ntchito. Anati kudinda dzina la sukulu imene kulibe ndi bodza, ndipo iwo sanayambe anamizirapo mwana wa sukulu. Analemba kalata m'dzina lawo, monga mphunzitsi amene anandiphunzitsa, natchula nambala yanga ya m'kaundula, n'kundiuza kuti ndikalumbire kwa loya kuti sukuluyo inatsekedwa. Ndinachita zomwezo, ndipo ku koleji analandira.

Si ine woyamba. Akuti kumabwera anamwino ofuna kupita ku UK, asilikali, ena ofuna umboni wa chaka chobadwa. Nthawi ya kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017, anthu ankachita kudikirana pa khonde pawo. Salipiritsa. Wina akawasiyira shuga amalandira.

Tawuni yodzaza anthu

Madzulo ake ndinayenda m'tawuni, ndipo ndiyenera kunena chinthu chimodzi, chifukwa anthu a ku Lilongwe tikamakamba za kwathu timakonda kunena kuti "kunatha, kuli zii". Ku Luchenza sikuli zii. Anthu ndi ambiri kuposa mmene ndinawasiyira. Njinga zamoto za kabaza zili mbwee, timatebulo ta Airtel Money ndi Mpamba pakona iliyonse, mashopu otchajitsa mafoni, mavidiyo, matchalitchi atsopano. Ana a sukulu a mayunifolomu osiyanasiyana akudzaza msewu. Pa mapepala a boma ulemu ulipo ndithu: m'Malawi muno ma municipal council ndi ochepa, ndipo Luchenza ndi imodzi mwa iwo. Mu Okutobala, Mulhako wa Alhomwe ukachitika pa Chonde, malo ogona amadzaza mpaka ena kugona m'galimoto.

Chimene chinachoka ndi malipiro a pamwezi. Munthu uja ankadziwa kuti pa mapeto a mwezi alandira zakuti, n'kupita kwa a hedi kukalonjeza kuti theka la fizi abweretsa pa 30, ndipo a hedi ankamukhulupirira chifukwa ankadziwa kumene amagwira ntchito. Sukulu ngati yathu inkakhalira malonjezo amenewo. Wa kabaza sangalonjeze za pa 30. Mlimi wa nthochi wa ku Thekerani akanatha, koma matenda a chisaka anapululutsa nthochi za ku Thyolo, mpaka lero tikudya zochokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Wa nandolo anayesa, mu 2017 India atachepetsa kugula mtengo unagwa pansi, anthu n'kutsala ndi matumba m'nyumba. Ngakhale ADMARC, imene inkaoneka ngati singagwedezeke, mu 2022 inatumiza antchito ake onse kunyumba. Funsani a ku Sankhulani kapena a ku Chipoka, nkhani yake idzafanana, kusiyana maina a makampani basi.

Sindikufuna kuipaka mafuta sukulu yathu. Inali yosauka, aphunzitsi ena anali ana oti angomaliza kumene Folomu 4, ena ankathawa ku sukulu za boma kudzagwira ganyu ya maola awiri. Zimbudzi zake sindinena. Ambiri a kalasi lathu MSCE inawakanika. Kubwera kwa ma CDSS kunali kwabwino, ndipo mwana wa mlimi lero ali ndi mwayi wa sekondale woposa umene tinali nawo ife. Ndikadakhala kholo mu 2001, nanenso ndikadamuchotsa mwana wanga pa khonde la Mmwenye lija.

Koma chimandiwawa n'chakuti ana mazanamazana anadutsa m'zipinda zinayi zija, makolo awo anagulitsa mbuzi ndi njinga, ndipo umboni wonse woti zimenezi zinachitika uli pansi pa bedi la nkhalamba ya diso limodzi. Sukulu zikuluzikulu zili ndi mabungwe a ophunzira akale, amavala magolofu a mtundu umodzi, amakapenta holo, amajambulitsa n'kuika pa Facebook. Ife tikapente chiyani, mosungira nandolo? Ndipo tilipo ambiri, ana a sukulu za pulayiveti za m'ma 1990 ndi ma DEC amene anasintha maina, amene tikafunsidwa kumene tinaphunzira timatchula boma m'malo mwa sukulu.

Zimene zinachitika pa gulu

Tili ndi gulu la pa WhatsApp la amene tinaphunzira pamenepo. Kunena zoona, ntchito yake yakhala ya chipepeso basi. Limagona miyezi, wina akamwalira limadzuka, tisonkha, msungichuma aika mndandanda wa amene apereka, ligonanso.

Usiku umenewo, ndili pa resitihausi, ndinaikapo zithunzi zitatu: bolodi la mitengo ya nandolo, thiranki, ndi tsamba limodzi la kaundula wa chaka chathu. Foni sinagone. Wina wa ku Johannesburg anatumiza uthenga wa mawu akulira, akuti aka kanali koyamba kuona dzina la malemu bambo ake litalembedwa ndi dzanja la munthu amene ankawadziwa. Wina anazindikira kuti wakhala akukondwerera tsiku lobadwa lolakwika. Anthu amene sanalankhulepo chilowereni pa gulu anayamba kufunsa kuti, "Nanga tsamba la 1998 lilipo?" Ena anayamba kukumbutsana za tsiku limene mbuzi inalowa m'kalasi nthawi ya Bible Knowledge, nkhani imene aliyense amaikamba mosiyana.

Koma m'mawa mwake kunabwera uthenga wina, wa mnzathu amene tsopano ndi munthu wolemekezeka ku mpingo kwawo. Pa mzere wake, tsamba lija linkaonetsa chifukwa chimene anachokera. Analemba kuti, "Achimwene, si zonse za m'bukumo zili zokondweretsa. Ana anga ali ndi mafoni." Chithunzicho chinachotsedwa, ndipo tinagwirizana kuti aliyense azilandira mzere wake yekha kumbali. Mkazi wanga, amene anaphunzira sukulu ya mishoni yokhala ndi laibulale ndi mabasi, anati nkhani imeneyi ndi imene yamuthandiza kumvetsa chifukwa chimene sindinkakambira za ku sekondale.

Kenako inabwera nkhani ya ndalama, ndipo apa mpamene Amalawi timadziwika. Wina anati tigule nyumbayo titsegulenso sukulu. Anamuseka mpaka anatuluka pa gulu, n'kubwezedwanso madzulo. Ena anati tisonkhe tigule madesiki tikapereke ku CDSS ina ya m'deralo, popeza ana a abale athu akuphunzira kumeneko. Ena anakana, akuti imeneyo si sukulu yathu, ili ndi eni ake, ndipo ena mwa iwo ankatinyoza kuti ndife a sukulu ya m'sitolo. Ine ndili mbali ya madesiki. Mwana amene akukhala pansi lero sakudziwa za mikangano ya 1999, ndipo mwina ndi mdzukulu wa mtsikana wa masamu uja. Koma sindinapambane, nkhaniyo ikadali m'malere.

Chimene tinagwirizana popanda wotsutsa ndi cha aphunzitsi a jogirafe. Msungichuma anawerengera malipiro aja sanalandire, anayesa kuwasintha kukhala ndalama za lero, anasokonezeka, n'kungoti aliyense aziponya imene angathe mwezi ndi mwezi. Mwezi woyamba tinaponya ambiri. Wachitatu tinatsala ochepa, monga mwa masiku onse. Komabe zinakwanira kuwatengera kuchipatala kukachotsa ng'ala ija, ndipo mdzukulu wawo akuti tsopano akuwerenganso nyuzipepala ndi kukonza Chingerezi cha atolankhani ndi bolopeni.

Tinawapempha kuti mabukuwo abwere ku Lilongwe tidzawajambule bwinobwino pa makina. Anakana. Akuti anachoka kale kamodzi pa njinga, sachokanso, wofuna kujambula abwere ndi foni yake adzakhale pa khonde. Ndiye tagawana, a ku Blantyre atenga mabuku a zaka zoyambirira, ine ndi mnzanga wina wa ku Zomba tidzapita pa holide ya Khirisimasi kukajambula otsalawo. Sabata yatha mdzukulu uja anandiimbira, akuti agogo akuti pobwera tisaiwale mankhwala a chiswe, chayamba kulowa buku la 2001.